Kuphunzira kuvina rumba ya ku Cuba: mafunso ndi mayankho

Mayina a Chisipanishi tawasiya mmene alili, chifukwa ndi omwewo amene mudzawamve kwa mphunzitsi aliyense, kaya ku Havana kaya ku London. Katchulidwe kake n'kosavuta: guaguancó ndi "gwagwanko", quinto ndi "kinto", cajón ndi "kahon", muelleo ndi "mweyeo", vacunao ndi "bakunao".

Kodi iyi ndi rumba yomwe ija ya Franco ndi Tabu Ley?

Ayi. Dzina ndi limodzi koma magule ndi atatu, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Rumba ya magitala imene imamveka pa wailesi ndi m'maukwati ndi ya ku Kinshasa ndi Brazzaville. Inabadwa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, oimba a kumeneko atakopeka ndi malekodi a nyimbo za ku Cuba zotchedwa son, zimene kunja kwa Cuba zinkagulitsidwa ndi dzina loti rumba. Palinso rumba ya mipikisano ya ballroom, ya anthu awiri ogwirana manja, miyendo ili chiwongolere. Imene tikukamba pano ilibe gitala, ilibe lipenga. Ndi mawu a anthu, ng'oma zitatu ndi timitengo basi, ndipo ovina sagwirana. UNESCO inaika rumba ya ku Cuba pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2016, ya ku Congo inalowa payokha mu 2021.

Inayambira kuti?

Ku Havana ndi ku Matanzas, mizinda iwiri ya madoko yotalikirana pafupifupi makilomita 100, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ukapolo unathetsedwa ku Cuba mu 1886. Ambiri mwa omasulidwawo anasiya minda ya nzimbe n'kukadzazana m'tauni, m'midadada ya nyumba yotchedwa solar, momwe banja lililonse linali ndi chipinda chimodzi ndipo bwalo la pakati linali la onse. Amuna ankasenza katundu padoko. Ng'oma zenizeni zinkawaputira mavuto kwa akuluakulu a boma, choncho ankaomba mabokosi: bokosi lalikulu lobweretsera nsomba zouma za bacalao linkatulutsa mawu aakulu, kabokosi ka makandulo kankalira mokweza, wina n'kumagogoda masipuni pa thabwa. Bokosi lotere ndilo cajón, ndipo likuombedwabe mpaka lero.

Mizu yake ndi ingapo. Kuthamangitsana kwa mwamuna ndi mkazi kunachokera ku magule a anthu a ku Kongo, makamaka yuka ndi makuta. Mayendedwe ena a amuna anachokera kwa Abakuá, gulu la chinsinsi la amuna lomwe linakhazikitsidwa ku Regla, pafupi ndi Havana, mu 1836 ndi anthu ochokera cha ku Calabar ku Nigeria. Ayoruba anaikamo zawo, ndipo kapekedwe ka mavesi, monga décima ya mizere khumi, n'kochokera ku Spain. Wophunzira atolepo chimodzi: uyu ndi gule wa pamalo opanikiza, pakati pa anthu ozungulira. Masitepe ake ndi aafupi, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi thupi.

Ndamva kuti ilipo mitundu itatu. Ndiyambe ndi uti?

Yambú ndiye wodekha, ndipo amatengedwa kuti ndi wakale kuposa enawo. Amavina awiri, mwamuna ndi mkazi, nthawi zina motsanzira okalamba, ndipo woonekera kwambiri ndi mkazi. Guaguancó ndi wothamangirapo, wa awirinso, ndipo amatsanzira tambala wothamangitsa thadzi. Columbia ndi wa munthu mmodzi, wothamanga, wa mpikisano, ndipo anachokera kumidzi ya m'chigawo cha Matanzas osati m'tauni.

Yambani ndi yambú. Ambiri amamuthawa poganiza kuti ndi wa agogo, n'kuthamangira guaguancó chifukwa ndi amene amaoneka m'makanema. Koma liwiro limabisa zolakwika. Pa yambú palibe pobisala: bondo likauma aliyense aona, mukaponda msanga aliyense amva. Sitepe yoyambira ya yambú ndi ya guaguancó ndi pachibale, ndiye simutaya nthawi.

Aliyense akuti ndimvetsere clave. Kodi clave n'chiyani?

Mawuwa amatanthauza zinthu ziwiri: timitengo tiwiri ta mtengo wolimba timene woimba amagundanitsa, komanso kagundidwe kamene timitengoto timabwereza kuyambira poyamba nyimbo mpaka pothera. Ng'oma, mawu ndi mapazi, zonse zimayendera kagundidwe kameneka. Wosamva clave angathe kuloweza masitepe makumi awiri koma adzavina pambali pa nyimbo.

Clave imagunda kasanu pa chiwerengero cha 16. Werengani mofulumira ndi mofanana kuyambira 1 mpaka 16, muziomba m'manja pa 1, 4, 8, 11 ndi 13. Polemba zimaoneka chonchi, X ndi pogunda, kadontho ndi pongodutsa:

X . . X . . . X . . X . X . . .

Imeneyi ndi clave ya rumba. Clave ya son, imene ovina salsa amaidziwa, imasiyana pamodzi pokha: kugunda kwachitatu kumagwera pa 7 osati pa 8. Kuchedwa pang'ono kumeneko ndiko kumapatsa rumba kakomedwe kake, ndiponso ndiko kumagwetsa ophunzira. Yambú wa ku Havana kawirikawiri amayendera clave ya son, choncho mukaimva musaganize kuti makutu akunama.

Tsopano mapazi. Pondani pamalo amodzi, kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, pa 1, 5, 9 ndi 13. Mudzaona kuti dzanja ndi phazi zimakumana kawiri kokha, pa 1 ndi pa 13. Kugunda kwa pa 4 kumafika phazi lachiwiri litatsala pang'ono kutera, kwa pa 8 kumafika lachitatu litatsala pang'ono kutera, ndipo kwa pa 11 kumagwera pakati penipeni pa phazi lachitatu ndi lachinayi. Cholakwika chofala n'choti phazi limakokedwa ndi dzanja n'kutera pa 4 ndi pa 8. Mukaona zimenezo chepetsani liwiro mpaka pamene mungathe kutchula manambala onse 16 momveka, ndipo musasiye kuponda ngakhale manja asokonekere. Mapazi ndiwo mwini nyumba, manja ndi mlendo.

Mphindi zisanu tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Loweruka. Mukafika poti mukuomba clave, mukuponda, n'kumachezanso ndi munthu osatayika, ndiye kuti yalowa.

Pa ng'oma zonsezo ndizitsata iti?

Ng'oma ndi zitatu. Yaikulu ya mawu apansi ndi salidor, ena amati tumbador. Yapakati ndi tres dos. Yaing'ono yolira mokweza ndi quinto. Pambali pake pali clave, pali catá kapena guagua, yomwe ndi nsungwi kapena thabwa logogodedwa ndi timitengo tiwiri, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso choseketsa, kaya chekeré, chikho chovekedwa ukonde wa mikanda, kaya maseche achitsulo otchedwa madruga.

Mu guaguancó, salidor ndi tres dos zimayankhana mobwerezabwereza, "gu, din din, gu", ndipo kuyankhana kumeneko pamodzi ndi clave ndiye pansi pamene mumaponda. Quinto ndi nkhani ina. Sabwereza, amalankhula. Amene anaonerapo gule wamkulu akudziwa mmene mbalule amatsatira mapazi a wovina, ndipo quinto amagwira ntchito yofananako: amayang'ana wovina, amayankha zimene wachita, nthawi zina amamuputa. Wophunzira akamatsata quinto ndi mapazi amatayika msanga, chifukwa quinto amadumpha dala kagundidwe n'kubwereramo patsogolo. Miyezi yoyamba mapazi akhale pa clave ndi ng'oma ziwiri zazikulu. Quinto muzimuyankha ndi phewa, mutu kapena dzanja.

Thupi liime bwanji?

Apa ndi pamene pagona gule yense, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha.

Mapazi atalikirane molingana ndi chiuno chanu, onse akhale chathyathyathya pansi, kulemera kwa thupi kukhale chapakati pa phazi, osati pa chidendene kapena pa zala zokha. Pindani mawondo pang'ono, ngati mukufuna kukhala pa mpando wautali. Kenako weramirani kutsogolo pang'ono, koma kuweramako kuchokere pamene ntchafu zimalumikizana ndi chiuno, monga mumachitira ponyamula ndowa ya madzi, msana ukhalebe wautali. Mutu upitirize mzere wa msana, maso kutsogolo. Zigongono zichoke m'nthiti, pakhale mpata woti chibakera chimodzi kapena ziwiri zilowe.

Mukaima choncho yambani kunesa. A ku Cuba amati muelleo, kuchokera ku mawu otanthauza sipuling'i. Mawondo amagonja pang'ono pa kugunda kulikonse kwa phazi n'kubwerera okha, osawongoka kotheratu. Kunesaku kumapita pansi, osati m'mwamba: mukumira m'nthaka, simukudumpha. Kutsika kwake n'kochepa, masentimita atatu kapena anayi akwana. Kunesa kukayenda bwino kumakwera kokha: chiuno chimalandira, chifuwa chimatuluka ndi kulowa pang'ono, mapewa amamasuka, mikono imatsatira. Ndiye funde lija limene mumaliona pa msana wa katswiri. Silipangidwa ndi msana, limachokera m'mawondo.

Zolakwika zake zimadziwika. Wina amapinda msana m'malo mwa chiuno, n'kuoneka ngati wanyamula thumba la chimanga, ndipo chifuwa chimatsekeka osathanso kuyenda. Wina amatulutsa matako kumbuyo mopitirira, msana wa m'munsi n'kupanikizika. Wina amaimika mawondo nji n'kuyamba kugwedeza mapewa ndi mphamvu pofuna kutsanzira funde lija, ndipo zimaoneka ngati wagwidwa ndi malungo. Palinso vuto la amene anazolowera magule odula chiuno: amaika zonse m'chiuno, chifuwa chili duu. Mu rumba chiuno chimayenda ndithu, koma mtsogoleri ndi chifuwa ndi mawondo.

Njira yodziyesera ndi iyi. Imani chammbali pa galasi, nesani kwa mphindi imodzi osasuntha mapazi. Ngati mutu ukukwera kuposa pamene unali poyamba, mukudumpha. Ngati mikono ili chiumire, mapewa mwawamanga.

Sitepe yoyamba yeniyeni ndi iti?

Kutsegula ndi kutseka. Pa 1 tulutsani phazi lamanja kumbali, mtunda wosapitirira utali wa phazi lanu. Pa 5 libwezeni. Pa 9 tulutsani lamanzere, pa 13 libwezeni. Aphunzitsi ambiri amawerenga mpaka 8 m'malo mwa 16, ndiye mudzamva 1, 3, 5, 7, koma ndi malo omwewo. Clave imodzi yathunthu ndi kutsegula ndi kutseka mbali zonse ziwiri.

Phazi litere lonse, osati kungodonyoza ndi chala, ndipo kunesa kusaime pamene phazi likuyenda. Potsegula zigongono zimatambasuka pang'ono, potseka zimabwerera. Sitepe imeneyi ikakhazikika yambani kuyenda nayo: kutsogolo, kumbuyo, kuzungulira pamalo amodzi pa ma clave awiri, kenako kuzungulira mpando ngati kuti ndi mnzanu wovina naye. Aphunzitsi amasiyana pa tinthu tina, wina amayamba ndi phazi lamanzere, wina amatsetsereka m'malo moponda. Zimenezo zisakuvuteni. Chimene sichisintha n'choti sitepe ikwane mu clave.

Nanga kunjenjemeretsa mapewa kuja?

Phewa limodzi kutsogolo, linalo kumbuyo, mosinthana. Yambani pang'onopang'ono, kamodzi pa kugunda kulikonse, kenako kawiri, kenako kanayi. Liwiro limabwera ndi kumasuka osati ndi mphamvu. Ngati khosi likupweteka ndiye kuti mukukweza mapewa kumakutu. Ngati manja akugwedezeka kwambiri, gwirani m'chiuno kuti ntchito ibwerere ku mapewa. Ndipo musaiwale kupuma mpweya.

Vacunao n'chiyani, ndipo si zolaula?

Mawuwa akuchokera ku vacuna, katemera. Mu guaguancó mwamuna amazungulira mkazi kufunafuna mpata, ndipo akaupeza amaponya chizindikiro chadzidzidzi cholunjika kumunsi kwa mimba ya mkaziyo, ngati kubaya katemera. Angaponye ndi chiuno, ndi dzanja, ndi phazi, ndi bondo, ndi chigongono kapena ndi mpango. Mkazi amatchinga: amatseka siketi kapena kuphimba ndi manja, n'kutembenuka pang'ono, ndipo kawirikawiri amakutumulira kumbali ngati akutaya chimene chaponyedwacho. Tanthauzo lake silobisika, aliyense amadziwa kuti tambala akufuna chiyani. Koma ndi masewera a nzeru ochitikira pagulu, ana ndi agogo ali pomwepo, ndipo lamulo lake ndi lolimba: sakhudzana.

Kwa mwamuna, luso lili pa kunamiza. Amayang'ana kumbali, amakonza chipewa, amapukuta nsapato ndi mpango, amasewera ndi quinto ngati waiwala kuti pali mkazi, kenako mwadzidzidzi waponya. Vacunao yabwino ndi yaifupi, yakuthwa, imagwera pamodzi ndi kulira kwa quinto, ndipo mwamunayo amabwerera mu sitepe nthawi yomweyo. Ophunzira amalakwitsa poponya pafupipafupi, pa clave iliyonse. Zikatero mkazi sadzidzimukanso, owonera amatopa, ndipo gule amasanduka kusautsa. Kawiri kapena katatu pa ulendo umodzi wa m'bwalo n'zokwana. Cholakwika china ndi kuyandikira kwambiri. Siyani mpata woti mutatambasula mkono musamufike.

Kwa mkazi, luso lili pa maso ndi pa kulimba mtima. Akangotseka siketi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, palibe masewera. Amayenera kutsegula, kukopa, kuyandikira, n'kutseka pa nthawi yake. Maso asachoke pa mwamuna ngakhale potembenuka, ndipo ayang'ane thupi lonse osati nkhope yokha, chifukwa nkhope ndiyo imanama. Woyang'ana mapazi ake abayidwa basi. Manja asakwere kupitirira chifuwa kwa nthawi yaitali, ulendo wobwerera umatalika. Ndipo potchinga kunesa kusaime. Ambiri amauma thupi lonse ngati agwidwa ndi magetsi, clave n'kuwasiya.

Poyeserera gwirizanani kaye kuti vacunao izibwera pa 1 pa clave yachinayi iliyonse. Zikazoloweka, mwamuna asankhe yekha clave koma pa 1 pomwepo. Pomaliza aponye paliponse. Mkazi akabayidwa palibe manyazi, amaseka, gule n'kupitirira.

Mu yambú mulibe zimenezi. Oimba amachita kukumbutsa pakati pa nyimbo kuti "en el yambú no se vacuna", kutanthauza kuti mu yambú sabaya katemera. Woponya vacunao pa yambú wadziulula kuti sakumva nyimbo.

Ndivale chiyani?

Mkazi, siketi yotambalala yofika m'munsi mwa mawondo kapena mu akakolo, ya nsalu yopepuka, yoti mukagwira mbali zonse ziwiri itseguke mpaka m'mapewa. Gwirani ndi zala zitatu chakutsogolo pang'ono, osati kufumbata. Popanda siketi, mpango waukulu wogwira nsonga ziwiri umagwira ntchito yomweyo, ndipo ku Cuba akazi ambiri amavina ndi buluku ndi mpango. Mwamuna, buluku lomasuka m'mawondo ndi mpango umodzi, m'dzanja kapena pakhosi. Nsapato zikhale zafulati, zosamata pansi. Zovala zoyera n'zofala koma si lamulo.

Nyimbo ikangoyamba ndilowe?

Musalowe. Nyimbo ya rumba ili ndi zigawo zitatu. Clave ikayamba ndi ng'oma zikalowa, woyambitsa nyimbo amaimba diana, mawu opanda tanthauzo onga "ana na na" kapena "bele bele", pofuna kuika mawu pamalo ake. Kenako amaimba vesi, nkhani yeniyeni ya nyimboyo, ndipo nthawi imeneyi ndi ya iye, anthu amamvetsera. Akamaliza amaponya mzere waufupi woti gulu livomere, n'kuyamba kulandizana. Chigawo chimenechi ndi montuno, ndipo ndi pamene ovina amalowa.

M'bwalo mumalowa awiri okha pa nthawi, mwamuna ndi mkazi, kapena munthu mmodzi ngati ndi columbia. Ena onse amaimba, kuomba m'manja, kunesa pamalo pawo. Musaime pakati pa wovina ndi woomba quinto, awiriwo akuyang'anana. Musachedwe m'bwalo, vinani pang'ono mupatse ena. Ndipo phunzirani kuvomera nyimbo ngakhale Chisipanishi simuchidziwa. Mizere yake ndi yaifupi, ndipo woimba akuvina sataya clave.

Columbia ndiyambe liti? Akazi amavina?

Columbia imayenda pa chiwerengero cha 12 osati 16, ndiye khutu liyambirenso. Mapazi amaponda pa 1, 4, 7 ndi 10, clave imagunda pa 1, 3, 6, 8 ndi 10:

X . X . . X . X . X . .

Mukakhazikika pa guaguancó yambani kuomba zimenezi mukuyenda, masitepe abwere pambuyo. Thupi limaimirira kuposa mu guaguancó, kulemera kumasunthira ku zala, mapazi amathamanga pamene chifuwa chili phee. Wovina amalowa, amapereka ulemu kwa ng'oma, n'kuyamba kukangana ndi quinto: amaponda kachidutswa, amaima dzii, quinto ayankhe. Kuima kumeneko n'kofunika ngati kuthamanga. Wongothamanga osaima sapatsa ng'oma mpata wolankhula. Akamaliza wina amalowa kudzamuposa. Akatswiri amavina atasenza tambula ya madzi, amazungulira botolo osaligwetsa, ena amagwira mipeni kapena zikwanje. Za mipenizo si za wophunzira, ndipo si zophunzira pa kanema.

Dzina lalikulu pa columbia ndi José Rosario Oviedo, wodziwika kuti Malanga, wa cha ku Unión de Reyes m'chigawo cha Matanzas, yemwe oimba amamutchulabe. Mwa mwambo uyu ndi gule wa amuna, komabe ku Matanzas amakumbukira Andrea Baró, mkazi amene ankavina columbia, ndipo masiku ano akazi ambiri amaiphunzira ndi kuivina.

Kodi ndi gule wa mizimu?

Rumba ndi gule wa chisangalalo, ndipo mawu oti rumba ku Cuba amatanthauzanso phwando. Magule a chipembedzo ndi ena: a ma orisha, mizimu ya chipembedzo cha Chiyoruba, monga Elegguá, Yemayá ndi Changó, omwe amaombedwa ndi ng'oma za batá, komanso a Palo, chipembedzo cha mizu ya ku Kongo, ndi a Abakuá. Koma ovina rumba ambiri ndi a zipembedzo zimenezi, choncho woimba amatha kulowetsa mzere wa kumeneko, wovina n'kuyankha ndi mayendedwe ake. Sukulu zambiri zimaphunzitsa rumba ndi magule a orisha m'kalasi imodzi, ndiye ngati mukufuna rumba yokha funsani musanalipire. Mayendedwe a íreme, chilombo chovala chigoba cha Abakuá, amaoneka mu columbia. Eni ake sawatenga mwachibwana, monga mmene za kudambwe siziseweretsedwa. Musawaponye m'bwalo musanafunse tanthauzo lake.

Ndimavina kale salsa. Zindithandiza?

Khutu lidzakuthandizani, thupi lidzakuvutani. Salsa imazoloweretsa munthu kuimirira, kuponda katatu n'kupuma, ndi kudalira dzanja la mnzake. Mu rumba mulibe kupuma kuja ndipo palibe wokugwirani. Chizindikiro cha wa salsa m'bwalo la rumba ndi mawondo owongoka ndi mapazi otanganidwa. Phindu limabwera pobwerera: nyimbo zovinira za ku Cuba zotchedwa timba ndi gule wa casino, yemwe ndi salsa ya ku Cuba, zadzaza ndi tizigawo ta rumba, ndipo mudzadziwa chochita pamene ena angoima.

Mawondo ndi msana zikupweteka. Ndalakwitsa pati?

Kuwawa kwa minofu ya ntchafu masabata oyamba n'kwabwinobwino, ndi imene ikunyamula kunesa. Kuwawa kwa mkati mwa bondo ndi chenjezo. Kawirikawiri bondo limakhala likugwera mkati pamene phazi layang'ana kunja. Bondo liziloza kumene chala chachiwiri cha phazi chaloza. Chifukwa china ndi kupinda kwambiri, kapena kutembenuka phazi litamatirira pansi, bondo n'kupotoka. Potembenuka nyamulani phazi, mutembenuke ndi timasitepe tating'ono. Msana wa m'munsi umapweteka mukatulutsa matako mopitirira: kokerani mchombo mkati pang'ono. Simenti ndi yankhanza pa mafupa, makamaka pa columbia. Thabwa kapena dothi losalala ndi bwino, ndipo pa simenti musavine opanda nsapato. Bondo likatupa kapena ululu ukakhala wobaya, siyani mukaonane ndi achipatala.

Kuno kulibe mphunzitsi. Ndingaphunzire ndekha?

Clave, kunesa, sitepe yoyambira ndi mapewa mungaphunzire nokha. Masewera a vacunao amafuna mnzanu, ndipo kukambirana ndi quinto kumafuna woomba wamoyo.

Mphindi 25 pa tsiku zigaweni chonchi: zisanu clave ndi mapazi, zisanu kunesa pa galasi, zisanu chifuwa ndi mapewa, khumi sitepe ndi nyimbo. Dzijambuleni pa foni kamodzi pa sabata, chammbali osati chakutsogolo, chifukwa zolakwika za msana ndi mawondo zimaonekera mbali imeneyo. Pa YouTube chepetsani liwiro la kanema kufika pa 0.5, ndipo muonere kanema mmodzi katatu: koyamba mapazi okha, kachiwiri chifuwa, kachitatu nthawi imene wovina akuima.

Zomvera sankhani za eni ake. Los Muñequitos de Matanzas, gulu lomwe linayamba mu 1952, ndi poyambira pabwino chifukwa clave yawo imamveka bwino. Onjezani AfroCuba de Matanzas, Los Papines, Clave y Guaguancó ndi Yoruba Andabo, gulu lomwe linayambitsidwa ndi ogwira ntchito padoko la Havana. Magulu a masiku ano ambiri amaomba guarapachangueo, kaombedwe kamene kanayambitsidwa ndi banja la Los Chinitos ku Havana, momwe kuyankhana kuja kwa "gu, din din, gu" kumaphwanyidwa n'kusiya mipata. N'kokoma, koma kwa woyamba kumene kuli ngati kuchotsa makwerero. Yambani ndi zojambulidwa zakale.

Amene muli m'mizinda ikuluikulu fufuzani sukulu za salsa ya ku Cuba, chifukwa aphunzitsi a rumba amapezeka kumeneko. Mphunzitsi wabwino amathera nthawi pa clave ndi kaimidwe, amadziwa kuimba kapena kuomba pang'ono, ndipo amakuuzani ngati chimene akuphunzitsa ndi cha ku Havana kapena cha ku Matanzas. Amene tsiku loyamba akukupatsani mndandanda wa masitepe khumi oti muloweze akukuphunzitsani chionetsero cha pa siteji.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Sitepe yoyambira, masabata ochepa. Kunesa kosachita kuganizira, miyezi. Kulowa m'bwalo osakonzekeratu chochita, zaka, ndipo n'chifukwa chake kumvetsera nyimbo tsiku ndi tsiku kumawerengedwa ngati kuyeserera.

Ndikapita ku Cuba ndikaione kuti?

Ku Havana, Lamlungu masana kumakhala rumba ku Callejón de Hamel, kanjira ka ku Cayo Hueso kamene Salvador González Escalona anayamba kukongoletsa ndi zojambula mu 1990. Kumadzaza alendo, malo ndi opanikiza ndipo kumatentha, choncho fikani msanga kuti muime poona mapazi. Conjunto Folklórico Nacional, gulu la boma lomwe Rogelio Martínez Furé ndi Rodolfo Reyes anakhazikitsa mu 1962, ndi lodziwika ndi Sábado de la Rumba, rumba ya Loweruka pa bwalo lawo ku Vedado. Ku Matanzas funsani za madera a Simpson ndi La Marina, kwawo kwa mabanja akale a rumba. Masiku ndi nthawi zimasinthasintha, ndiye funsani mukafika. Tengani ndalama zing'onozing'ono zoponyera oimba, ndipo pemphani chilolezo musanajambule munthu. Wina akakukokerani m'bwalo musakane: perekani ulemu kwa ng'oma, vinani sitepe yoyambira ma clave asanu ndi atatu kapena khumi, kenako mubwerere pamzere mukavomere nyimbo.